Kufiira, Kuda ndi Kuyera pa Zilombo za Gule Wamkulu: Mafunso ndi Mayankho

Mawu oyamba

Kabuku aka talemba ndife akuluakulu osunga mizinda m'madera a Chipata, Katete ndi Chadiza. Chaka ndi chaka, makamaka mwambo wa Kulamba ukatha ku Mkaika, mafumu athu amalandira mafunso kuchokera kwa aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makolo okhala m'tauni. Ambiri mwa mafunsowa amakhala a zilombo zofiira. Za kudambwe sitinena muno, zili ndi eni ake. Tingofotokoza zimene munthu aliyense amaona pabwalo.

1. Kodi Gule Wamkulu n'chiyani?

Ndi mwambo wa Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Amatuluka pamaliro, pabona, pachinamwali ndi polonga mfumu. Zilombo zimaimira mizimu ya makolo ndi nyama za m'tchire. Bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

2. Kodi mitundu yeniyeni ya makolo ndi iti?

Ndi itatu: woyera, wakuda ndi wofiira. Kale kuyera kunkachokera ku dothi loyera ndi phulusa, kuda ku makala ndi mwaye, kufiira ku katondo. Wachikasu, wapinki ndi wobiriwira anachuluka utafika penti wa m'sitolo.

3. Kuyera kumatanthauza chiyani?

Ndi mtundu wa mizimu ndi wa ufa wothira nsembe. Kasiyamaliro, amene amaperekeza mzimu wa womwalira, amalukidwa ndi makoko oyera a chimanga. Namwalinso amamulemba madontho oyera patsiku lotuluka.

4. Nanga kuda si tsoka?

Ayi. Kwa makolo athu kuda ndi mitambo ya mvula, ndiye kuti chonde ndi kubala. Makewana wa ku Msinja ankavala nsalu yakuda, ndipo ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, amaperekanso nsalu yakuda. Chadzunda, mkulu wa zilombo, nkhope yake ndi yakuda chifukwa ndi kholo la mudzi.

5. Kodi n'zoona kuti zilombo zofiira zimapakidwa magazi a anthu?

Si zoona. Mphekesera imeneyi taimva m'misika, m'mabasi ngakhale paguwa, koma palibe amene anabwera kwa nyakwawa ndi umboni. Kufiira kumene mumaona ndi katondo kapena penti. Magazi akauma safiira, amada, ndipo sangawale padzuwa tsiku lonse monga zimachitira nkhope za zilombo.

Chimene chili choona n'chakuti mtundu wofiira umakumbutsa za magazi, monganso umakumbutsa za moto. M'chikhalidwe chathu muli zotentha ndi zozizira. Mwana wakhanda, namwali amene ali m'tsimba ndi mudzi umene uli pamaliro ndi ozizira, ndipo wotentha akawayandikira mosasamala amabweretsa mdulo. Choncho kufiira ndi chenjezo: pano pali mphamvu yopatsa moyo, koma ukaiseweretsa imawononga. Magazi amene akunenedwa apa ndi aja amene mtsikana amaona akakula, ndi aja amene tonse tinabadwira. Anamkungwi amaphunzitsa zomwezi kuchinamwali, n'chifukwa chake pa chingondo chimene namwali amasenza pamutu pamalembedwanso madontho ofiira pamodzi ndi oyera ndi akuda.

6. Ngati si magazi, bwanji chilombo chotchedwa Simoni chili chofiira chotero?

Simoni ndi mzungu amene dzuwa lamuwotcha. Amishoni a Dutch atafika ku Magwero mu 1899, ndi ansembe a White Fathers ku Kachebere mu 1903, pamodzi ndi atsamunda ndi alimi a fodya a ku Fort Jameson (Chipata wa lero), makolo athu anaona anthu amene khungu lawo limafiira psuu m'chilimwe. Anawalowetsa m'gule monga amachitira ndi chachilendo chilichonse, galimoto ngakhale ndege. Mayina ngati Simoni ndi Maliya anatengedwa m'maphunzitso a amishoniwo. Motero kufiira kumanenanso za mlendo, munthu wosadziwa mwambo wa pamudzi. Mukamuona Simoni akuyenda modzikuza anthu n'kumaseka, dziwani kuti phunziro lili pa khalidwe lake.

7. Kodi kufiira si chizindikiro cha ufiti kapena usatana?

Mtundu pawokha sulodza munthu. Pambendera ya Zambia pali kufiira, kokumbutsa nkhondo yomenyera ufulu. Ansembe a Katolika amavala zofiira pa Lachisanu Loyera ndi pa Pentekoste. Palibe amene amawatcha mfiti.

Tikuvomera kuti zilombo zina zofiira zimaoneka zoopsa, zamano akunja ndi maso otuzuka. Zimatero dala. Chilombo chotere chimaonetsa munthu waukali, wachigololo kapena wakuba, kuti oonera aone kuipa kwa khalidwelo n'kulinyansidwa. Kuti mumve tanthauzo, musayang'ane mtundu wokha. Mverani nyimbo imene amayi akuvomera, onani kavinidwe ndi chimene chilombo chanyamula m'manja. Komanso tanthauzo limatha kusiyana pang'ono pakati pa mzinda wa kwa Kawaza ndi wa kwa Zingalume. Pa zachikhulupiriro, aliyense atsate mpingo wake, ife sitikakamiza. Tikungokana dzina limene si lathu.

8. Nanga zojambula zofiira za m'mapanga, si a gule anazilemba ndi magazi?

Ayi. M'mapanga monga Thandwe, Mkoma ndi Kalemba, komanso ku Chongoni ku Dedza, akatswiri amasiyanitsa zojambula ziwiri. Zofiira ndi zakale kwambiri, ndipo amati anazilemba ndi Akafula amene Achewa anawapeza m'dziko muno, pogwiritsa ntchito miyala ndi dothi lofiira. Zoyera ndiye za Achewa, zokhudza nyau ndi chinamwali.

9. Kodi ndikavala chovala chofiira kubwalo, zilombo zidzandithamangitsa?

M'mizinda imene tikuidziwa mulibe lamulo loletsa woonera kuvala chofiira. Ku Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti, anthu amavala zitenje za mitundu yonse pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Chimene chimakwiyitsa chilombo ndi kuchitsekera njira, kuchigwira, kuchiloza monyoza kapena kuchitchula dzina la munthu. Komabe sitingalonjeze za mudzi uliwonse. Mukapita kumalo achilendo, yambani mwafunsa kwa anyakwawa kapena kwa atsabwalo. Safunsa adadya phula.

10. Kodi zilombo zofiira zimavinira chipani?

Ayi. Katondo analipo zipani zisanabadwe. Nsanza za chitenje cha chipani zikapezeka pa chilombo, n'chifukwa chakuti zilombo zimavala zimene anthu ataya. Amene waona gule akugwiritsidwa ntchito poopseza anthu nthawi ya chisankho akanene kwa mfumu.

11. Mwana wanga wasukulu ali ndi juzi yofiira. Kodi ali pangozi panjira?

Funsoli likufanana ndi la nambala 9, koma makolo ambiri alifunsa. Juzi siikopa chilombo. Sitibisa kuti pena achinyamata osamva mwambo amatulutsa zilombo popanda chilolezo cha mwini mzinda n'kumathamangitsa ana. Uko ndi kulakwa, ndipo amathamangitsa wovala chilichonse. Mwana akakumana ndi chilombo apatuke, apereke njira, asachigende. Wina akavulazidwa kapena kulandidwa katundu, nkhani ipite kwa anyakwawa komanso kupolisi. Gule sabisa mlandu.

12. Kodi pali ndalama zolipira poonera, kapena chindapusa ukalakwa?

Kuonera pabwalo nthawi zambiri sikulipiritsidwa. Kusupa chilombo chikavina bwino ndi kufuna kwa mwini, ndipo ndalama amaiponya pansi. Pa chindapusa sitingatchule mtengo umodzi, pakuti zimatengera mlandu ndi bwalo la mfumu. Pena ikhoza kukhala nkhuku, pena mbuzi, pena ndalama. Ojambula zithunzi angapemphedwe kangachepe, choncho ndi bwino kugwirizana gule asanayambe. Musalipire munthu wokuimitsani panjira popanda mfumu kudziwa.

13. Mwanenetsadi kuti kufiirako si magazi?

Tanenetsa. Amene akukayikabe akafike ku Mua, m'boma la Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. M'nyumba yosungira zakale ya Chamare muli nkhope za gule mazanamazana, ndipo mukhoza kuziyang'ana pafupi masanasana. Amene ali ndi funso lina alipereke kwa nyakwawa wa mudzi wake, ndipo iye alifikitsa kwa ife.