Malangizo a Zaumoyo: Kuyezetsa Matenda a Kumtundu

Lero tikambirane za kuyezetsa majini, tinthu ta m'maselo a thupi tomwe mwana amatengera kwa makolo ake.

Achipatala amatenga malovu kapena magazi pang'ono n'kukaunika ku labotale. Mu 2013, katswiri wa mafilimu wa ku America, Angelina Jolie, anaulula kuti anam'peza ndi jini yolakwika ya BRCA1, yomwe imakulitsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere. Mayi ake anamwalira ndi khansa, choncho iye anasankha kuchotsetsa mawere onse awiri.

Komatu mvetsetsani: nthawi zambiri zotsatira za kuyezetsaku zimangosonyeza kukula kwa chiopsezo, sizikutanthauza kuti mudzadwaladi. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimabwera chifukwa cha majini ambirimbiri, komanso kadyedwe, kunenepa kwambiri ndi fodya.

Nanga mutani? Safunsa anadya phula. Khalani pansi ndi agogo kapena azakhali, muwafunse matenda omwe avutitsa abale anu, mukawauze adokotala. Amayi, mukamva kachotupa m'bere posamba, musadikire kuti kapweteke. Pitani kuchipatala msanga.