Phunziro la Mwezi Uno: Kunenepa Kopyola Muyeso Ndi Matenda

Werengani: 1 Akorinto 6:19-20

Amayi anzathu mwa Ambuye, kwathu kuno ku Mchinji mayi akanenepa timamuyamikira. Timati bambo akumusamala, kapena geni ya pa Mwami ikumuyendera. M'zaka zimene Edzi inkatitha, kuwonda kunkabweretsa manong'onong'o, ndipo ambiri tinayamba kuona thupi lalikulu ngati umboni wakuti munthu alibe kachilombo. Maganizo amenewa tikadali nawo, koma achipatala akutiuza zina: mafuta akachulukitsa m'thupi, amenewo ndi matenda ofunika chisamaliro monga ena onse.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno, 21 anali olemera kopyola muyeso. Ena mwa iwo timakhala nawo benchi imodzi Lamulungu.

Nanga muyesowo ndi uti? Achipatala amayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Mayi wotalika mita 1.6 akafika makilogalamu 64 wafika m'malire. Akafika 77 ndiye kuti ali ndi matendawa. Kunyumba tingabwereke tepi ya telala ndi kuyeza mimba pamwamba pang'ono pa mchombo. Ikapitirira masentimita 88, tisazengereze, chifukwa mafuta a pamimba ndiwo oopsa koposa. Amalepheretsa thupi kugwiritsa bwino ntchito shuga, ndipo mtima umagwira ntchito yakalavulagaga. Kumeneko ndiko kumachokera matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kufa ziwalo, kupweteka kwa maondo, ngakhalenso mavuto pa uchembere.

Tisafulumire kunena kuti ndi dyera kapena ulesi. Ena n'chibadwa cha kumtundu, ena thupi silinabwerere atabereka, ena ndi mankhwala amene akumwa. Mnzathu wotere tikamuseka amaleka kubwera ku msonkhano, amachitanso manyazi kukwera sikelo. Ndipo amene ali pa ma ARV asayerekeze kusiya mankhwala poopa kunenepa. Akambirane ndi adokotala.

Komabe pali zimene zili m'manja mwathu. Mayi wogulitsa pa Kamwendo kapena pa Boma amakhala pansi tsiku lonse, nkhomaliro yake mandasi, tchipisi ndi botolo la zozizira, pobwerera akwera kabaza. Tiyi timathira masupuni anayi a shuga. Mgaiwa tinaunyoza kuti ndi wa amphawi, chonsecho ndiwo umasunga gaga wothandiza m'mimba ndipo umakhalitsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti boma lathu ndi mwini wa mtedza ndi soya, koma timagulitsa zonse n'kukagula mafuta ophikira oti ndiwo zizisambira. Nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso ndi nyemba zidzaze mbale, mitanda ya nsima ichepeko. Kulima, kutunga madzi ndi kuyenda ndawala kwa mphindi 30 pa tsiku zonsezi zimawerengedwa. Za mankhwala ochepetsa thupi ogulitsidwa m'misika, ndalama zathu zisapite kumeneko.

Ifenso a Mothers' Union tidzifunse: alendo a dayosizi akabwera, bwanji timaona ngati tawanyoza tikapanda kuwaikira kireti ya zakumwa zotsekemera?

Pa msonkhano wamawa aliyense abwere ndi bukhu lake la kuchipatala. Amayi atcheya apemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzatiyeze sikelo ndi BP, aliyense payekha, osati pagulu.