Ng'ombe Zadothi Zingathe Kuyenda pa Kanema: Mayankho a Makalata a ku Chiradzulu

WOULUTSA: Makalata ambiri a sabata ino achokera ku Chiradzulu, ndipo onse akufunsa za m'mene ana asukulu angapangire kanema wamfupi wa makatuni. Muno ndili ndi mayi amene amaphunzitsa achinyamata luso limeneli. Mayi, takulandirani.

KATSWIRI: Zikomo achimwene. Moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa aphunzitsi a pasekondale ina yoyendera kufupi ndi Namitambo. Akuti: "Ndimayang'anira kalabu ya zaluso. Ana akufuna kupanga kanema wa makatuni wa mphindi 10 woti adzaonetse potsekera teremu. Foni ilipo imodzi yokha, yanga, kompyuta tilibe. Kodi zingatheke, kapena ndingowauza kuti aiwale?"

KATSWIRI: Aphunzitsi, musawauze kuti aiwale. Foni imodziyo ikukwana. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mphindi 10 zija. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kanema ndi zithunzi zoima zambirimbiri zimene zimadutsa mofulumira mpaka diso n'kumaona ngati zikuyenda. M'makanema akuluakulu zimadutsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Opanga makatuni ambiri amajambula 12 zokha pa sekondi, ndipo zimayendabe bwinobwino. Ndiye kuti mphindi imodzi ikufuna zithunzi 720, mphindi 10 zikufuna zithunzi 7,200. Tinene kuti ana azolowera, ndipo kusuntha chidole, kuchotsapo dzanja ndi kujambula zikuwatengera mphindi imodzi pa chithunzi. Amenewo ndi maola 120. Kalabu yokumana maola awiri Lachitatu lililonse ingafune masabata 60. A Fomu 4 adzakhala atalemba mayeso kalekale, kanema asanafike pakati.

Apange wa mphindi imodzi. Ndi maola 12 ojambula, masabata 6, ndipo m'teremu mutsala nthawi yokonzekera ndi yoika mawu. Ana adzanyinyirika kuti mphindi imodzi yachepa. Mudzawauze za Nick Park wa ku England, amene anayamba kuumba zidole zake Wallace ndi Gromit ali mwana wasukulu ya zamakanema. Kanema wake woyamba wa zidolezo, A Grand Day Out, sakwana n'komwe theka la ola, koma anamutengera zaka zoposa 6 mpaka anatuluka mu 1989. Kuthamanga sikufika.

Tsono masabata awiri oyamba foni ikhale m'thumba mwanu. Ndikunenetsa zimenezi chifukwa makalabu ambiri amagwera pomwepa: amayamba kujambula tsiku loyamba chifukwa cha chisangalalo, pofika sabata yachitatu gulu likukangana kuti nkhani ithe bwanji. Ayambe ndi pepala. Nkhani yonse aifotokoze m'chiganizo chimodzi: ndani, akufuna chiyani, chikumutsekereza n'chiyani, zithera pati. Chiganizo chikakana kutheka, nkhaniyo sinapse. Akatero apinde mapepala kuti patuluke timabokosi, m'kabokosi kalikonse ajambulemo chimene woonera adzaone, ngakhale ndi anthu a timizere. Timabokosi 15 kapena 20 tikwana. Odziwa ntchitoyi amati storyboard. Kenako ajambule mawu onse a olankhula pafoni, awerenge kuti chiganizo chilichonse chikutenga masekondi angati, alembe pansi pa kabokosi kake. Ngati kalulu akulankhula masekondi atatu, ana adziwiratu kuti pamenepo pakufunika zithunzi 36, osati zongoyerekeza.

WOULUTSA: Nanga foniyo aigwira bwanji, mayi, poti zoimikapo kamera zija ndi zodula?

KATSWIRI: Asaigwire ndi manja ngakhale pang'ono. Atenge madesiki awiri, awaike motalikirana pang'ono, apingase timatabwa tiwiri pamwamba, foni igone pa timatabwato, diso la kamera likuyang'ana pansi pa mpata wapakati. Aimange ndi mphira wa chubu cha njinga. Pepala lapansi alikhomere ndi tepi, ndipo miyendo ya madesiki ailembere ndi choko pa simenti kuti sabata yamawa adzabwezere pamalo pomwepo. Pojambula asakhudze foni. Ambiri mwa mahedifoni a chingwe ali ndi batani lokwezera mawu, ndipo pa mafoni ambiri batani lomwelo limajambula chithunzi. Pali mapulogalamu a pafoni oyambira ulere, monga Stop Motion Studio, amene amaonetsa chithunzi chapitacho mwachizimezime pamwamba pa chatsopano, mwana n'kuona kuti wasuntha mwendo motani.

China ndi kuwala. Kwanu ku Chiradzulu nyengo ya chiperoni dzuwa limatuluka n'kubisala kangapo pa ola limodzi. Inu simuona kusinthako, koma kanema akamaseweredwa amaphethira ngati babu yofuna kupsa. Tsekani mawindo ndi zitenje zochindikala kapena mabulangete, muyatse nyale ya sola kapena matochi awiri omangirira pamalo amodzi. Ndipo zithunzi za tsiku lililonse muzizisunganso pa memori khadi kapena pafoni ya mnzanu, chifukwa foni imagwa, imabedwa.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wa Fomu 2 wa ku Nguludi. Akuti: "Ndimakonda makatuni koma sindidziwa kujambula. Anyamata a m'kalabu mwathu amati ine ndizingolankhula mawu a mayi wa m'nkhanimo. Kodi wosadziwa kujambula ali ndi malo?"

KATSWIRI: Mwana wanga, malo ulinawo, ndipo si a mawu okha. Ndikufunse: uli wamng'ono sunaumbeko tiana tadothi kapena timiphika? Alongo ako sanaumbeko ng'ombe, sanapindeko galimoto zawaya? Limenelo ndiye luso lomwe likufunika. Katenge dothi la mtapo, limene amayi amaumbira mbiya. Upinde kaye mafupa a waya wofewa, miyendo inayi, msana ndi khosi, kenako umate dothi pamwamba pake. Waya ndi amene amagwira mwendo kuti ukhale pomwe waupindira. Dothi likayamba kuuma limang'aluka m'mawondo, choncho pambali pakhale kapu ya madzi, uzinyowetsa chala n'kusalaza mng'aluwo usanajambule. Mukaweruka, ng'ombeyo uifunditse kansalu konyowa n'kuivindikira ndi jumbo. Uumbenso ziwiri zofanana, ina ikathyoka ntchito isaime.

Dothi likakuvuta, dula makatoni a sopo. Mutu padera, thunthu padera, mkono uduke pawiri, mwendo pawiri, ulumikize ndi ulusi kapena kawaya m'malo opindika. Mayi wina wa ku Germany, Lotte Reiniger, anapanga kanema wathunthu, The Adventures of Prince Achmed, ndi zidutswa zodula ndi sizasi. Unatuluka mu 1926, ndipo mwa makanema aatali a makatuni amene alipobe, wakale kwambiri ndi umenewo. Kuno ku Africa, Moustapha Alassane wa ku Niger anali makaniko asanayambe makanema, ndipo m'ma 1960 anali akupanga kale makatuni a achule odzudzula atsogoleri. Apa pafupi ku Zambia, Malenga Mulendema ndiye mwini nkhani ya Supa Team 4, ya atsikana anayi a mu Lusaka, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Iye anabwera ndi nkhani, ojambula anali ena. Ukawauze anyamatawo kuti iwe ukufuna kusuntha zidole ndi kukhala pa foni, ndipo aphunzitsi anu akumve. Zoti atsikana azingolankhula ndi kusesa m'kalasi pomaliza, ine sindigwirizana nazo.

WOULUTSA: Wina ndi mnyamata wa ku Mbombwe. Akuti gulu lawo lasankha kupanga kanema wa moyo wa John Chilembwe, kuyambira kubadwa mpaka imfa yake, ndipo akufunsa kuti ayambire pati.

KATSWIRI: Mwasankha bwino, poti nkhaniyo ndi ya pakhomo panu. Koma moyo wonse sungalowe m'mphindi imodzi. Taona kuchuluka kwake: ulendo wa ku America ndi Joseph Booth mu 1897, maphunziro ku Lynchburg, kubwerera mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission, thangata wa m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, usiku wa pa 23 Januwale 1915, imfa yake pa 3 Febuluwale. Mukafuna kuika zonsezi mudzangopanga buku la mbiri lokhala ndi zithunzi, mawu a wofotokoza ali mbwee, zidole zitangoima.

Phunzirani kwa Samson Kambalu, mmisiri wa kwathu konkuno. Atapatsidwa mwayi woimika chosema pa Trafalgar Square ku London mu 2022, anatenga kanthu kamodzi kokha: chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley atavala chipewa, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chipewa chimodzicho chinanyamula nkhani yonse. Inunso mungathe kutero. Munthu akuyenda pa msewu, kutsogolo kukubwera bwana wa esiteti, dzanja likukwera kupita ku chipewa, laima m'malere, labwerera pansi. Pamenepo pali masekondi 40 amene woonera sangaphethire, ndipo ndi zidutswa za katoni zingatheke. Musanajambule pitani kwa akuluakulu a mpingo ndi agogo a m'mudzi mukafunse zimene iwo anamva kwa makolo awo, muyerekeze ndi za m'buku la sukulu. Chimene mwangopeka nokha musachionetse ngati mbiri.

WOULUTSA: Funso lalifupi lochokera ku Njuli: "Kodi tingaikemo nyimbo ya woimba amene timamukonda?"

KATSWIRI: Popanda chilolezo ayi. Nyimbo ili ndi mwini wake, lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limamuteteza, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa ntchito yomweyo. Mukadzaika kanemayo pa YouTube kapena Facebook angathe kumutseka mawu. Imbani yanu. Ng'oma ilipo, visekese zilipo, kwaya ya pasukulu ilipo. Phokoso la mvula ndi mchenga wothira pa lata, la moto ndi jumbo yofinya pafupi ndi foni.

WOULUTSA: Yomaliza ndi ya aphunzitsi aakazi a ku Namadzi. Akuti: "Magulu anayi a m'kalasi mwanga amaliza makanema awo. Limodzi lapanga za kudula mitengo m'phiri la Chiradzulu ndi zimene namondwe wa Freddy anachita mu 2023. Ndiwapatse bwanji malikisi? Ndikuopa kungokondera gulu lomwe lili ndi mwana wodziwa kujambula."

KATSWIRI: Mantha anuwo ndi oyenera, mayi. Kanema wokongola angathe kukhala wosamveka, pamene wa zidole zopindika mitu angathe kuliza munthu. Choyamba musaweruze ndinu. Itanani anthu amene sanakhudzeko ntchitoyi, ana a Sitandade 5 a pasukulu yoyandikana nayo kapena amayi ophika phala, muwaonetse kanemayo mutatseka mawu. Musawafunse kuti mwamukonda, chifukwa ife Amalawi mwaulemu wathu tidzati ndi wabwino kwambiri. Afunseni kuti mwaona chiyani, chinayamba n'chiyani, chifukwa chiyani munthu uja anathawa. Opanga kanemawo akhale chete kumbuyo ndi makope awo, alembe zimene akumva, osayankhira. Ngati oonera anena kuti aona munthu akutola nkhuni pamene gulu limatanthauza kuti akugwetsa nkhalango, gululo ladziwa lokha pamene palakwika, kuposa m'mene cholembera chanu chofiira chikanawauzira. Kenako muonetsenso ndi mawu.

Malikisi ambiri apite ku funso limeneli, loti nkhani yamveka kapena ayi. Ena apite ku kayendedwe: kodi chinthu cholemera chikuoneka cholemera, kodi mtengo ukugwa moyamba pang'onopang'ono kenako mofulumira, kodi kamera yakhazikika. Kukongola kwa zojambula kukhale ndi gawo laling'ono. Ndipo mwana aliyense akhale ndi malikisi akeake ochokera m'kope lake, m'mene walemba zomwe anachita tsiku lililonse, chimene chinavuta, ndi zimene angasinthe atapatsidwa sabata ina. Atenge storyboard yoyamba ija aiike pambali pa kanema womaliza, afotokoze chifukwa chimene zinasiyanira. Mwana amene anganene kuti tinachotsa kabokosi kachisanu chifukwa oonera ankasokonezeka waphunzira kwambiri kuposa amene wangojambula nkhope yokongola.

Za gulu la namondwe lija ndiwonjezerepo mawu. M'boma lanu anthu anataya abale awo m'matope a mwezi wa Malichi chaka chimenecho, ndipo ena mwa ana amenewo ali m'makalasi mwanu. Musanaonetse kanemayo pagulu muonereni nokha kaye, muwauziretu ana zimene zili m'menemo, amene sakufuna kuonera aloledwe kutuluka. Ngati atchula mudzi kapena banja lenileni, apite akapemphe chilolezo kwa eni ake.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, mayi. Muli ndi pempho lililonse?

KATSWIRI: Lilipo, kwa aphunzitsi aakulu. Anawa sakukupemphani kompyuta. Apatseni kachipinda kokiyika komwe madesiki awiri aja angakhale masabata 6 osasunthidwa ndi munthu, ndiponso mphindi 15 pa tsiku lotsekera sukulu kuti makolo adzaone zimene ana awo apanga.

WOULUTSA: Aphunzitsi a ku Namadzi, mukawaonetsa ana a Sitandade 5 aja mutilemberenso, mutiuze zimene anena kuti aona.