Phunziro 12: Tiyende Mochenjera

Ife a ku Angonia timalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Tikakolola timakagulitsa ku msika wa ku Ulongwe.

Akuba amadziwa kuti wochokera ku msika ali ndi ndalama. Amadikira munthu woyenda yekha. Nkhungu ya Juni ndi Julayi imawabisa.

Tsono tichite chiyani?

Tibwerere dzuwa lisanalowe.
Tiuze abale njira imene tidzere.
Tisawerenge ndalama pagulu.
Tisaledzere pa ulendo.
Wina akamatilondola, tipatukire m'mudzi wapafupi, tikuwe.
Akatiopseza ndi chikwanje, timsiyire katundu. Mbatata tidzalimanso, koma moyo sagula.
Kenaka tikanene kwa amfumu ndi ku polisi.

Tiwerenge: nji-ra, nda-la-ma, mo-yo.

Tikambirane: Pa njira ya kwathu, malo oopsa ndi ati? Tingayende ndi yani?