Phunziro: Mwana Woumba Tinjerwa Tisamuthamangitse

Amayi anzathu, chilimwe chikafika kuno kwa Msakambewa abambo amakhala kalikiliki kuumba njerwa. Pambali pawo ana nawonso amatenga kabokosi ka machesi ngati chikombole, kuthiramo matope, n'kumayanika tinjerwa tawo padzuwa. Ambiri mwa ife timangoona malaya akuda ndi kudula kwa sopo, basi n'kuyamba kukalipa.

Tiyeni tikhale pansi kaye tiwaonerere. Mwana akafuna kumanga kanyumba amawerenga tinjerwa take. Tikaperewera, amadziwa kuti aumbenso tingati. Awa ndi masamu omwe aja akawapeze mu Sitandade 1, koma pano akuwagwira ndi manja. Akasanja tinjerwa molunjika, kena pamwamba pa kanzake, kakhoma kamagwa. Amalira pang'ono, n'kuyambanso, mpaka atulukire yekha kuti kanjerwa ka pamwamba kayenera kukhala pakati pa tiwiri ta pansi, monga amachitira amisiri. Ife tikathamangira kumukonzera, tamulanda phunzirolo. Akakhala atatu amakangana za pomwe paikidwe khomo, ndipo mkanganowo umawaphunzitsa kufotokoza maganizo ndi kumvera anzawo.

Nzeruyi si yatsopano. Friedrich Froebel, yemwe anayambitsa sukulu za mkaka ku Germany cha m'ma 1840, ankapatsa ana timatabwa todula bwino kuti azimangira. Tinjerwa tapulasitiki ta Lego, tomwe kapangidwe kake kanakhazikika mu 1958 ku Denmark, dzina lake limachokera ku mawu otanthauza "sewera bwino". Timagulidwa ndi ndalama zambiri, koma ife dongo, zitsononkho ndi mapesi tili nazo pakhomo.

Apa tidzifunse za ana aakazi. Mnyamata akamamanga, mlongo wake timamubereketsa khanda kapena kumutuma kumjigo. Mawa akavutika ndi masamu tidzati atsikana mitu yawo ndi yotero, chonsecho tinamuchotsa tokha pamasewera. Ntchito aphunzire ndithu, koma nayenso timupatse mpata wogwira dothi.

Chenjezo: ana asakumbe dothi m'maenje a njerwa, chifukwa mvula ikagwa amadzaza madzi ndipo mwana angamiremo. Tiwatapire tokha, ndipo akatha asambe m'manja asanadye.

Ntchito ya sabata ino: mayi aliyense afunse mwana kuti, "Wamanga chiyani? Nanga tinjerwa talowa tingati?" Amvetsere yankho osamudula mawu. Tikadzakumananso tidzafotokozerane, ndipo tibweretse mabokosi a machesi otha ntchito kuti tikapereke kusukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu.