Kompyuta Yakale ya ku Nkhunga

Pasukulu ina ya ku Nkhunga, kufupi ndi minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, panali kompyuta yakale. Chifukwa cha chinyezi cha kunyanja, bokosi lake lachitsulo linachita dzimbiri, ndipo m'kati munadzaza fumbi ndi mphemvu. Aphunzitsi ena anati itayidwe, koma aphunzitsi aakulu anakana popeza inkasunga maina ndi malikisi a ana onse. Choncho anaitanitsa mmisiri.

Mmisiriyo anayamba wazula chingwe cha magetsi. Kenaka anamasula bolodi lalikulu pamodzi ndi chosungira maina chija, nazipukuta, naziika m'bokosi latsopano lokhala ndi chokupizira mphepo kuti makina asamatenthe.

"Taonani timipata iti," iye anatero poonetsa ana bolodi lija. "M'menemu timaloŵetsamo makadi oonjezera ntchito za kompyuta. Kompyuta ya IBM PC, imene inatuluka m'chaka cha 1981, inali ndi timipata 5 totere. Koma khadi lililonse lili ndi mpata womuyenera. Mukalikakamiza pena, mumaononga zonse ziŵiri."

Atatero, analoŵetsa khadi lotulutsa mau. Atayatsa, maina onse anaoneka, ndiponso kompyuta ija inayamba kumveka mau. Ana anaomba m'manja.

Ana inu, chipangizo chikakalamba tisathamangire kuchitaya. Tiyambe tafunsa amisiri.

Mafunso
1. N'chifukwa chiyani aphunzitsi aakulu anakana kutaya kompyuta?
2. Kodi mmisiri anayamba wachita chiyani asanamasule bolodi?
3. Fotokozani ntchito ya timipata ta pabolodi.