Chotupa Chidatayidwa Asanachiyeze

Mayi wina adachira mwana wake wachiwiri pa opaleshoni. Mwanayo atayamba kuyenda, mayiyu adamva kanthu kolimba m'mbali mwa chipsera cha pamimba, kosasuntha akakakhudza, komanso kosawawa kwenikweni. Apongozi ake adati, "Mwanawe, bala limatero likamauma mkati. Musadere nkhawa." Katakula, adamutengera kwa sing'anga, amene adamutema mphini n'kumupaka mankhwala akuda. Chotupa sichidaphwe.

Kenako adapita kukiliniki ina yolipira. Kumeneko adangochisinika ndi zala n'kunena kuti ndi chotupa cha mafuta. Adachichotsa tsiku lomwelo n'kuchitaya, osatumiza kulabotale. Banja lidasangalala kuti vuto latha.

Chaka chisanathe chotupacho chidameranso pamalo pomwepo, chachikulu kuposa kale, ndipo mayiyu samathanso kuwerama posinja kapena pochapa. Kuchipatala chachikulu adamuunika ndi sikani, adatengako kachidutswa ndi singano, ndipo oyeza adapeza kuti ndi chotupa chotchedwa desmoid.

Chotupa cha mtunduwu n'chosowa: pachaka chimapezeka mwa anthu ochepa chabe pa miliyoni imodzi. Sichifalikira kuchiwindi kapena kumapapo monga imachitira khansa, koma chimaloŵerera m'minofu yoyandikana nayo, n'chifukwa chake chimabwereranso kawirikawiri chikadulidwa. Chimakonda amayi a msinkhu wobereka, makamaka akangochira, ndiponso malo amene padadutsapo mpeni. Chikamera mkati mwenimweni mwa mimba chingathe kupana matumbo, ndipo madokotala amafufuzanso ngati kumtundu kuli matenda a tizotupa ta m'matumbo.

Masiku ano akatswiri sathamangira kudula. Nthawi zambiri amayamba ndi kuchiyang'anira ndi sikani pa miyezi ingapo iliyonse, popeza zina zimaima kukula, zina zimaphwa zokha. Mankhwala kapena opaleshoni zimabwera chikamakulabe kapena chikamazunza. Kwa mayiyu kudali kuchedwa: adamuchotsa chigawo cha mnofu wa pamimba n'kuikapo kaukonde kochirikiza.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mukamva chotupa pamimba, chowawa kapena chosawawa, pitani kuchipatala msanga, ndipo musanavomere mpeni funsani dokotala: "Kodi mwachiunika ndi sikani? Nanga mwadziŵa bwanji mtundu wake?" Chilichonse chimene achotsa m'thupi mwanu chipite kulabotale, ndipo zotsatira zake mukazitenge, muzisunge limodzi ndi buku lanu la kuchipatala.